Dothi la Apusi

Eliza anakwatiwa ku Usisya kuchokera kwawo ku Dedza, ndipo palibe anamuchenjeza kuti akupita kudziko la mchenga. Kutsogolo nyanja, kumbuyo phiri. Wofuna kuchoka ankadikira boti, botilo n'kumadikiranso kuti mphepo ya mwera ileke.

Mimba zake ziwiri zinapita padera. Zonse ziwirizo apongozi ake, a nyaMhone, anazilengeza m'mudzi monse zisanaoneke n'komwe, pakuti mayi amenewa nkhani yabwino inkawayabwa m'kamwa. Eliza ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti maso a anthu ndiwo anamulanda ana akewo. Choncho yachitatuyi anaibisa, ngakhale kwa mwamuna wake Tumbikani, amene ankangokhalira kunyanja ndi maukonde.

Koma mimba ilibe ulemu. Iyi inkafuna dothi, osati usipa kapena kondowole. Kwawo akanangogamula chulu n'kuthana nazo. Kuno analawako mchenga, ndipo unangomupweteketsa mano.

Amene anamulondolera ndi apusi. Popita kumtsinje kukaviika chinangwa, anawaona akutsika m'mitengo mmodzimmodzi, akucheukacheuka, kupita pakamtunda kofiira m'mbali mwa njira. Ankapala ndi zikhadabo n'kumanyambita, osasamala kuti agalu a m'mudzi ali pafupi. Eliza anaganiza kuti chinthu chotsitsa pusi mumtengo sichingakhale chachabe. Atalawa, anamva kamchere patali ndi fungo la mvula yoyamba, mpaka misozi inalengeza m'maso.

Kuyambira pamenepo ankatsalira dala m'mbuyo mwa anzake, n'kumamanga timibulu ta dothi kumsonga kwa chitenje.

Tsoka lake, njira yomweyo ankadutsa mlamu wake Doreen, mlongo wa Tumbikani, amene miyendo inali itayamba kumutupa. M'mawa wina Doreen anabwerera kukatenga mpeni umene anaiwala, n'kupeza Eliza atagwada, akutapa dothi pomwe iye anali atangoponda.

Dzuwa lisanafike pamutu, azimayi anali atadzaza pakhonde pa a nyaMhone. Eliza anamukhazika pakati.

"Ama, ndamuona ndi maso angawa," anatero Doreen kwa mayi ake. "Akutapa mapazi anga. Miyendoyi mumati ikutupa chifukwa chiyani?"

"Masula chitenjecho, mwana wanga," anatero a nyaMhone.

Dothi linagwera pamphasa. Azimayi anasendera kutali, wina n'kukokera mwana wake kumbuyo.

Eliza anachita mantha kwambiri. Akakhala chete, ndiye mfiti, ndipo mfiti ya kuchilendo ilibe woiikira kumbuyo. Tumbikani anali panyanja, mwera unali utakalipa, boti silikanabwera sabata imeneyo. Akalankhula, ndiye kuti wapereka mwana wake kwa maso omwe aja.

"Tiuze, dothili ndi lachiyani?" anafunsa apongozi.

Eliza anangotola kam'bulu kamodzi, n'kuponya m'kamwa, n'kuyamba kutafuna. Ngakhale pamenepo, manyazi ali tho, thupi lake linakondwera nalo dothilo.

A nyaMhone anamuyang'ana kukamwa, kenako pachifuwa, kenako pamimba. Nkhope yawo inamasuka pang'onopang'ono.

"Ama, chonde," Eliza ananong'ona, atawagwira mwendo. "Musanene. Ndapota nanu."

Koma mayiwo anali ataimirira kale. Analulutira nthungululu yaitali, yomveka mpaka kugombe kumene amuna ankasoka maukonde. Azimayi amene posachedwapa ankamuthawa anam'zungulira, akuseka, akumugwiragwira mapewa. Doreen naye anaseka, nati mawa akam'tapira yekha dothilo, lodzaza mbale.

Eliza anakhala pomwepo pamphasa, dothi likadali m'kamwa. Anaphimba mimba yake ndi manja onse awiri, koma manjawo anali aang'ono, ndipo anthu ankabwerabe kuchokera kugombe kudzamuona.