Makala Atatu a M'mawa Uliwonse

Mainess Tembo anagwada pakhonde nafukula phulusa la m'mbaula ndi kamtengo mpaka khala lofiira linaonekera pansi. Anauzira kawiri. Utsi unamulowa pakhosi ndipo anatsokomola mpaka misozi, dzanja atatsamiza kuchipupa. Kunja kunali kutangoyera, koma kumpopi zigubu zinali zitandanda kale ndipo eni ake anali atayamba kukangana za amene anafika poyamba, monga zimakhalira m'mawa uliwonse mukomboni ya George.

"Odi, moto."

Mainess sanacheuke. Anadziwa kuti ndi Lillian Mbewe wa nyumba yoyang'anizana ndi yake, ataima pamalo pake pa masiku onse, m'manja muli kachidutswa ka lata kopinda m'mbali.

"Palani."

Lillian anawerama, nasankha makala atatu oyaka bwino, nabwerera kwake. Macheza a tsikulo anathera pomwepo. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, amayi awiriwa anali asanalankhulane china choposa pamenepa.

Komatu anthuwa anabwera m'basi imodzi kuchokera ku Katete, onse ali akwati atsopano otsatira amuna awo ku Lusaka, akugawana chinangwa chimodzi njira yonse. Masiku amenewo kuseri kwa George kunali thengo, ndipo ogulitsa makala ankafika panjinga thukuta lisanawaume. Kamtengo kamodzi ka machesi kankayatsa mzere wonse wa nyumba. Wodzuka poyamba ndiye ankakoleza, enawo n'kumapalirana khomo ndi khomo, ndipo moto unkayenda pamodzi ndi nkhani: wadwala ndani, wabereka ndani, mwamuna wa ndani walowa m'nyumba nkhuku zikulira. M'mwezi wa Juni, Mainess ndi Lillian ankakhala mbaula ili pakati, akuwotcha mbatata, ana awo atapanikizana m'miyendo mwawo. Mainess akakumbukira zimenezi mtima umamuwawa, ndipo sabisa.

Chinawalekanitsa ndi maliro. Whyson, mwamuna wa Lillian, anamwalira Lachiwiri. Lachitatu m'mamawa Mainess anali ndi mpando m'basi ya amalonda yopita ku Nakonde kukapikula nsalu. Analowa m'nyumba ya maliro, nalira, nasiya ufa, kenako anawerengera zala n'kuona kuti adzakhala atabwerako asanaike. Basi inafera m'njira pobwerera. Anafika Lamlungu, Whyson atagona kale kumanda masiku awiri, iye osagona pamaliropo ngakhale tsiku limodzi. Maliro n'kulirana, ndipo mukomboni zoterezi anthu saiwala. Mainess anapita kukafotokoza za basi, za dalaivala, za chitsulo chimene chinathyoka. Anafotokoza zonse bwinobwino kupatula mawu amodzi aja oti pepani. Lillian anamvetsera mpaka kumapeto, natseka chitseko.

Patatha mwezi Lillian anatulukira ndi kachidutswa kake ka lata kudzapala moto, pakuti moto samanana ngakhale anthu atadana chotani. Kuyambira tsikulo Mainess sanalole mbaula yake kuzima. Madzulo aliwonse ankafotsera makala m'phulusa mosamala ngati akufunditsa khanda.

"Amama, chifuwa ichi chizakupayani," anatero Karen, mwana wake wamkazi, akutuluka m'nyumba atavala kale yunifomu ya kusitolo kumene ankagwira ntchito. "Ba kanso bapasa vitofu va gasi ku maketi, imwe mwankhala chabe. Mupeleka mbaula, bakupasani chitofu na silinda. Lelo ni pa Chitatu, basiliza pa Chisanu."

"Nyemba za pa gasi sizikoma."

"Munazilawa kuti?"

"Reji yanga siioneka. Akuti afuna reji, chiphaso cha boma chija."

"Ili mu Baibo yanu, pa Masalimo. Naiona na menso yanga." Karen anagwira m'chiuno. "Ku kiliniki banakuuzani chani? Banati chusi. Kapena mufuna nikabauze kuti amai banga bakonda mbaula kuchila moyo?"

Mainess anapitiriza kukupiza moto. Akanamuuza bwanji mwanayu, wobadwira m'tauni, woyatsa chilichonse ndi chala chimodzi, kuti moto wa gasi supalika? Sungauike palata n'kuwoloka nawo msewu. Mbaula ikachoka pakhondepa, Lillian adzabwera kudzatani? Mawu awiri aja anali ochepa, inde, koma ndiwo anali atatsala.

Masana a tsikulo Karen anapempha chilolezo kuntchito n'kumukoka mpaka kumsika. Mainess anavomera kukangoona ndi maso, mbaula anaisiya kunyumba. Pabwalo la msika a khonsolo ya mzinda anali atakhoma tenti yobiriwira, ndipo bambo wina wonenepa, dzina lake Chalwe lolembedwa pachifuwa, ankalankhula pachimkuzamawu ngati mlaliki wa m'basi.

"Bamai na batate, chusi cha malasha chikwela kumwamba, chivininkila ziko monga bulangeti. Ndiye chifukwa kupya so, na mvula yasokonezeka. Tifuna tauni yathu ifike pakuti chusi chamene tichosa chisapitilile chamene mitengo ingameze. Manje mitengo yeve tasiliza kujuba!"

Mainess sanapeze pomutsutsa. Thengo lija analiona likutha ndi maso ake, ndipo makala tsopano ankabwera pamalole kuchokera kutali kumene iye sanafikeko. Chaka chathachi abale ake ku Katete anakolola mapesi okhaokha. Bamboyo ankanena zoona, kungoti zoonazo sizinkadziwa za Lillian.

Pambali pa tenti panali mulu wa mbaula zimene anthu anapereka, zakuda, zobooka, zina zopanda miyendo. Mainess anaziyang'ana mwachisoni ngati akuona anzake akale ali pamzere wa kuchipatala. Kenako maso ake anaima pa imodzi. Chogwirira chake chinali cha tcheni cha njinga, chopotedwa kawiri. Mu George monse munali munthu mmodzi yekha amene ankakonza mbaula motero, ndipo munthuyo anali malemu Whyson.

Karen anali atafika kale pathebulo akutchula nambala ya nyumba. Chalwe anatsitsa chimkuzamawu, nayendetsa chala pamndandanda.

"Oho, muli pafupi na ba Lillian Mbewe? Baja ni bakaswili. Banatenga siku yoyamba, benze pasogolo pa laini. Papita masabata yatatu manje. Imwe bamai mwachedwa chani?"

"Masabata angati?" anafunsa Mainess.

"Yatatu."

Ulendo wobwerera Mainess sanamve chilichonse chimene Karen ankanena. Masabata atatu! Nanga makala aja ankapita nawo kuti, munthu wopanda mbaula?

M'mawa mwake zonse zinayenda monga mwa masiku onse. Odi, moto. Palani. Koma Lillian atangotembenuka, Mainess anavula patapata nawoloka msewu chopanda phokoso, gogo wa zidzukulu zinayi akunyang'ama ngati wakuba nkhuku. Anaima pangodya ya nyumba n'kusuzumira. Lillian anapita kuseri, nakhuthulira makala atatu aja m'ngalande, nawathira madzi a m'kapu. Makalawo anachita phokoso pang'ono n'kuzima. M'ngalandemo munali kale kamulu ka makala akuda onyowa. Lillian anaimirira pamenepo kanthawi akuyang'ana nthunzi, kenako anapukuta lata lija ndi chitenje nalikoleka pamsomali. Pazenera la khitchini pankaoneka ketulo ikuwira pamoto wabuluu.

Mainess anabwerera kwake. Poyamba anaseka yekha. Nkhalamba ziwiri! Wina akudzipha ndi utsi kusungira mnzake moto, mnzakeyo akudzuka m'mamawa kudzatenga moto woti akauthire madzi. Kenako kusekako kunasanduka kulira, ndipo analira kwenikweni, nkhope ataikwirira m'chitenje.

Akanatha kungozisiya choncho. Akanabisanso reji, Lachisanu n'kudutsa, iwo n'kumanamizanabe mpaka wina adzanyamulidwe. Njira imeneyo inali yosavuta, ndipo anailingalira tsiku lonse. Inayo inkamuopsa. Lillian ndi munthu wouma mutu kuyambira ali mtsikana. Akadzapeza pakhonde palibe moto akhoza kungotembenuka osadzapondanso. Koma Mainess anaona kuti zaka zonsezi wakhala akubisala kuseri kwa mbaula. Ankapereka makala m'malo mwa mawu amene anayenera kunena kalekale, ndipo mlandu suola.

Lachisanu, Lillian atapala moto wake n'kupita, Mainess anakhuthula phulusa, nadikira kuti mbaula izizire, naisenza pamutu. Anaigula chaka chimene Karen anabadwa, ndipo pansi pake anali atasinthapo kanayi. Pamulu paja sanaiponye monga ankachitira ena. Anaikhazika bwinobwino pafupi ndi ya tcheni cha njinga ija. Chalwe anamupatsa chitofu m'katoni, namuonetsa potsegulira, namuuza kuti wathandiza mzinda wonse. Mainess anangogwedeza mutu.

Loweruka anadzuka nthawi yake yomweija, manja akusowa chochita. Anasesa pakhonde. Pamene pankakhala mbaula panatsala bwalo lakuda pasimenti, ndipo analikolopa koma silinachoke. Kenako anakhala pansi n'kudikira, ngati mwana woitanidwa kwa ahedi.

Chitseko cha kutsidya chinatseguka. Lillian anawoloka msewu, lata lili m'manja.

"Odi, mo..."

Anaona bwalo lakuda lija. Anaona katoni pakhomo. Anayang'ana uku ndi uku ngati kuti mbaula ingakhale itabisala kuseri kwa ndowa.

"Kulibe," anatero Mainess. "Ndinapereka dzulo."

Lillian anaima chilili.  Kenako anakweza mapewa natembenuka, ndipo anali ataponda kale mumsewu pamene Mainess anaitana.

"Amake Dumi."

Dzinalo linatuluka mokhakhala, pakuti linali litakhala zaka zambiri osatchulidwa. Lillian anaima, koma sanacheuke.

"Ndinaona kungalande. Ndinaona na mbaula ya atate ake Dumi pamulu." Mainess anapitiriza. "Ine siija ndinakuuzani za basi. Basi siinalakwe, amake Dumi. Ndinalakwa ndine pokwera. Nsalu zinali zakuti zingadikire. Pepani."

Minibasi inadutsa kumsewu waukulu, kondakitala akukuwa za m'tauni. Mayi wina wosenza chigubu anachepetsa liwiro kuti amve, koma ataona nkhope ya Lillian anapitiriza ulendo.

"Pepani sapoletsa chilonda," anatero Lillian, akuyang'anabe kwake.

"Ndidziwa."

"Simudziwa." Apa ndiye anatembenuka, ndipo maso ake anali ofiira. "Muganiza ndinakwiyira kumanda? Kumanda kunali anthu, khwaya inaimba, zonse zinayenda. Ine ndinakuyalirani mphasa, amake Karen. Pambali panga, m'chipinda muja. Masiku atatu. Azimai a kuchalichi akafuna kugonapo ndinali kuwaletsa, amvekere malo achepa, ine ndikuti iyai, pali mwini wake, ali m'njira abwera. Anthu anagona mothinana, ena pakhonde pamphepo, mphasa ili chiyalire. Tsiku lachitatu mlamu wanga ndiye anaipinda, ine ndikuona."

Mainess sanadziwe zimenezi. Palibe anamuuzapo. Zaka zonsezi ankaganiza kuti mlandu wake ndi wosaponya dothi m'manda, osadziwa kuti mnzake anachita manyazi pamaso pa anthu akumusungira malo. Anafuna kunenanso pepani, koma anaona kuti mawuwo achepa kwambiri.

Anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anamasula chitenje chapamwamba chimene anadzimanga chifukwa cha mphepo, nachikung'untha, nachiyala pasimenti pomwe panali bwalo lakuda lija. Anachiwongola m'makona onse anayi. Iye sanakhalepo. Anaima pambali, manja ali kumbuyo.

Lillian anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Simenti yozizira so, mufuna mundiphe na nyamakazi," anang'ung'udza.

Anakwera pakhonde, nagwira chipupa, natsikira pansi mwapang'onopang'ono mpaka anakhala. Atakhazikika anasendera kumbali, kuti pakwane awiri.