Matambula a ku Buchi

Nditayamba kugulitsa matambula agalasi pa Fesibuku, oda yanga yoyamba inachokera kwa amai Damaris a ku Buchi, ku Kitwe. Ine ndimakhala ku Masala, ku Ndola.

Tambula iliyonse ndinaikulunga m'nyuzipepala, kenako ndinailowetsa m'sokosi yakale. Bokosi ndinalimata tepi mpaka linafanana ndi mwendo womangidwa pulasitala. Amuna anga, a Lighton, atafuna kundilembera adiresi, ndinawakaniza.

"Siyani, abambo, ntchito iyi imafuna munthu wamutu."

Ndinakapereka bokosi ku ofesi ya mabasi, ndipo ndinabwerako ndikuyenda ngati mwini kampani.

Cha m'ma 14 hours foni inalira. Anali a ku ofesi ya mabasi ya ku Kitwe.

"Ndinu a Janeth? Katundu wanu wafika ku Kitwe, bwerani mudzatenge."

"Koma ine ndine wotumiza!"

"Amai, pabokosi pali dzina lanu ndi nambala yanu. Wotumiza ndinu, wolandira ndinunso."

Ndinawachonderera kuti awapatse amai Damaris, koma anakana, amvekere katundu amatenga ndi mwini dzina. Ndinakwera minibasi mwakachetechete, ndinasayinira katundu wanga womwe, n'kumusenza mpaka ku Buchi.

Amai Damaris analimbana ndi tepi ija ndi mpeni mpaka thukuta kamukamu. Matambula onse anatuluka amphumphu. Anandiyang'ana, anayang'ananso tikiti ya katundu imene inali pabokosi.

"Kulongedza mumatha, mwana wanga," anatero. "Koma poti munali kubwera kuno, bwanji simunangowanyamula pamiyendo?"