Nsagwada za m'Thiranki

Thiranki itatseguka, a Raphael adabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma.

Linali tsiku lachinayi chiikire a Silvester m'manda ku Biriwiri, tsiku logawa katundu. Malaya ndi nsapato zidatha bwino. Koma m'thiranki ya kunsi kwa bedi munali nsagwada za nyama zokulunga m'manyuzipepala, iliyonse ndi kapepala komangirira ndi ulusi.

"Tsekani chitseko," adatero a Raphael, mng'ono wa malemu. "Alamu, muli ndi palafini?"

Ankafunsa a Lufina, namfedwa. Mwana wawo Thokozile ndiye adagwada pafupi ndi thirankiyo.

"Bambo aang'ono, si zimene mukuganizazo."

"Ine sindikuganiza kanthu. Oganiza ali pabwalopo. Akangomva kuti mwamuna amagona pamwamba pa mafupa, amayi akowa adzatunga madzi ndi ndani pamjigo? Kutchalitchi adzakhala benchi limodzi ndi ndani?"

Thokozile adadziwa kuti apa sadaname. Koma adadziwanso kuti mafupawo akawotchedwa mobisa, utsi wokhawo udzakhala umboni, ndipo bambo ake adzakumbukika ngati mfiti.

"Paja ababa adagwira ntchito zaka khumi ku Karonga ndi ofukula mafupa akale," adatero. "Akalewo adatsala konko. Izi ndi za mbuzi, ng'ombe ndi gwape zakonkuno. Ankazisunga zofanizira."

"Kufanizira chiyani?"

Thokozile adatola ziwiri. "Gwireni. Iyi ndi ya gwape: mano aafupi, akuthwa, chifukwa amadya masamba ofewa. Iyi ndi ya ng'ombe: mano aatali, chifukwa udzu ndi mchenga zimawapera. Mukafukula pamalo n'kupeza kuti ochuluka ndi aafupi, kalekale panali nkhalango, mvula yambiri. Akachuluka aatali, panali udzu, kouma."

A Raphael adapinda manja. "Sukulu udapitadi. Ndiye tuluka ukawafotokozere a m'mudzi muno za mvula imene idagwa agogo asanabadwe."

"Ndituluka."

"Usanatuluke," adatero a Lufina, mawu awo oyamba tsikulo, "uwawerengere ya m'munsimo, yokulunga munsalu."

Inali nsagwada ya ng'ombe, mano ake atatha mpaka kufika kuusinini. Thokozile adawongola kapepalako. Zolemba za bambo ake zinali zopendekera, zazing'ono.

"Ng'ombe ya ababa, yomwe ankasunga Raphael. Idafa pa chilala cha 2005. Mano atha ndi mchenga, inkanyambita dothi pofuna udzu. Panalibe woipulumutsa. Ndidamulalatira pachabe."

Aliyense pabanjapo ankadziwa mmene a Silvester adabwerera kuchokera ku Karonga chaka chimenecho n'kutchula mng'ono wawo kuti mlesi, anthu akumva. Kuyambira pamenepo awiriwo ankangopatsana moni wa pamsewu.

"Adalemba liti?" adafunsa a Raphael.

"Chaka chomwecho," adayankha a Lufina. "Adakafukula mutuwo kuseri kwa khola lanu inu muli kumunda. Adaugwiragwira sabata yonse."

"Ndiye osabwera kudzandiuza?"

"Mumawadziwa akulu anu. Kawiri konse adaiika m'chikwama n'kunyamuka ulendo wa kwanu. Ankabwerera pamlatho."

A Raphael adakhala pansi pamphepete pa bedi. Panja wina adagogoda, kufunsa ngati kugawa kwatha.

"Auze alowe," adatero a Raphael kwa Thokozile. "Uyambe ndi ya gwapeyo. Ukalakwitsa mawu, ine ndithandiza."

Adatambasula dzanja. A Lufina adawapatsira nsagwada ya ng'ombe ija, koma ataona mmene aigwirira adapukusa mutu. Adaitembenuza, mano kuyang'ana m'mwamba, n'kuwagwira chala chachikulu ndi kuchiyendetsa pang'onopang'ono pamwamba pa manowo.

"Akulu anu ankatere," adatero a Lufina. "Atatsinzina."