Wometa ndi Masamba Othothoka

Wometa wa pakona sanali munthu wa mabuku. Kuwerenga ankadziwa, koma zimene ankawerenga ndi kapepala kobwera ndi makina ometera atsopano basi. Mwana wake wamkazi wa zaka khumi ndi zitatu, amene aliyense ankamutchula Kamlomo chifukwa cholankhula osapumira, ndiye ankagona ndi buku n'kudzuka nalo.

Chaka chimenecho ana onse a m'kalasi mwa Kamlomo anapenga ndi mabuku asanu ndi limodzi akalekale, ofotokoza za mtsikana wina, mwana wa wokonza mawotchi, kuyambira ali kamwana mpaka kukula. Ku laibulale ya sukulu kunali buku limodzilimodzi, ndiye ankalandizana, wina akuwerenga wina akumusuzumira paphewa. M'buku lachitatu mtsikanayo anadzimeta yekha ndi lumo la bambo ake. Loweruka lotsatira atsikana asanu ndi anayi anafola pabenchi ya wometa, onse akufuna kumetedwa mokhotakhota, ngati adzimeta okha. Wometa, amene kwa zaka makumi awiri ankanyadira mzere wowongoka, anawameta mokhota mtima ukumuwawa.

Vuto linadza ndi buku lomaliza. Lachinayi masana Kamlomo analowa m'shopu nkhope ili gwa, bambo ake akumeta dalaivala wa lole.

"Ababa, mtsikana uja waima pa siteshoni, chikwama chili m'manja. Sitima yopita naye kusukulu yakutali ikubwera, koma bambo ake akudwala kunyumba. Ndiye taonani." Anatsegula bukulo kumapeto. Masamba khumi ndi awiri omaliza anali atathothoka, patangotsala ulusi. "Anakwera kapena sanakwere? Amayi akuti inuyo munawerenga onse."

Wometa anazimitsa makina. Nkhani imeneyo inali ndi mbiri yake. Zaka khumi ndi zisanu zapitazo anakhala moyandikana ndi mtsikana wina m'basi, mtsikanayo ataika maso pa buku la mwana wa wokonza mawotchi. Posowa poyambira, iye anati, "Limeneli limayamba mozizira, koma dikirani kumapeto." Anasankha mawuwo chifukwa amakwana pa buku lililonse. Mtsikanayo anakwatiwa naye, ndiwo amayi a Kamlomo, ndipo mpaka lero ankauza alendo kuti anakopeka ndi mwamuna wowerenga.

"Anakwera," anatero wometa, akuyang'ana pagalasi.

"Nanga bambo ake?"

"Anachira."

"Anachira bwanji? Dokotala ananena kuti sadzadzukanso."

"Dokotala ameneyo anali wabodza. Anali wogulitsa nsapato, anangotola chikwama cha dokotala m'basi."

Kamlomo anatuluka liwiro kukauza anzake.

Mawa lake pabenchi panali ana khumi ndi anayi, wofuna kumeta palibe. Mnyamata wa wogulitsa mankhwala anati amayi ake akuti mtsikanayo sanakwere. Mwana wa telala anati agogo ake akuti bambo aja anakwawa mpaka ku siteshoni n'kukafera pamenepo. Anawo anali ndi kope lodzaza mafunso, ndipo ankafunsa mmodzimmodzi atakweza dzanja.

"Nanga wotchi yaikulu ija ya pakhoma anamusiyira ndani?"

"Mchimwene wake," anatero wometa.

"Mchimwene wake anamwalira m'buku lachiwiri, Ababa."

"Ndi zimene ankaganiza onse."

Ana analemba. Wogulitsa nyama, amene anali pampando mutu utametedwa mbali imodzi, anatembenuka nsalu ili m'khosi. Iye anati anawerenga bukulo kawiri ali mnyamata, ndipo mtsikanayo anakwatiwa ndi woyendetsa sitima. Mlonda wa kubanki, amene ankadikira ndevu, anati limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, mwana woleredwa bwino sangasiye bambo ake pamphasa. Anakangana mpaka wogulitsa nyama ananyamuka n'kupita, mutu uli theka, ndipo anagulitsa nyama choncho masiku awiri.

Pofika sabata yotsatira msewu wonse unagawanika. Kunali Okwera ndi Otsala. Ana a mbali ziwirizi ankasewera mpira wosapatsirana. Wometa wina wa tsidya la msewu, amene kwa zaka zambiri ankasowa makasitomala, anapachika chikwangwani pakhomo pake cholembedwa kuti SANAKWERE, ndipo Otsala onse anasamukira kwa iye. Okwera ankabwera kwa bambo a Kamlomo ngakhale tsitsi lisanamere, kudzangomva zambiri. Iye ankapeka tsiku ndi tsiku, n'kumaiwala zimene ananena dzulo. Lolemba mchimwene uja anali msilikali, Lachitatu anali wansembe. Ana atamugwira, anati anali wansembe wa asilikali. Chakudya chinasiya kumukoma.

Lamlungu m'mawa anapeza mkazi wake akusita yunifolomu ya Kamlomo. Anaima pakhomo nthawi yaitali, akukanda chitseko ndi chikhadabo.

"Amayi a Kamlomo, pali nkhani. Mabuku aja ine sindinawerengepo, ngakhale limodzi."

Mkaziyo sanadzutse n'komwe mutu. "Ndinadziwa tsiku lomwelo m'basi muja. Buku limene ndinali nalo linali la masamu. Chikuto chokha ndicho chinali cha mtsikana uja, ndinakutira kuti lisade."

"Ndiye mwana munamutumiziranji kwa ine?"

"Ndimafuna ndione kuti mufika nazo pati. Za wogulitsa nsapato zija ndinaseka mpaka kupsereza malaya anu abuluu."

"Chabwino. Tsono inuyo ndiuzeni, anakwera?"

Apa mkaziyo anaimika simbi. "Ine ndinalekera pa lachisanu. Ndinaona kuti akukula, ndiye sindinafune kupitiriza."

Amene anathetsa mkanganowo ndi mayi woyang'anira laibulale. Anatopa ndi makolo obwera kudzamufunsa ngati iye anali Wokwera kapena Wotsala, ndipo anakwera basi kukabwereka buku lathunthu kusukulu ina. Anagwirizana kuti liwerengedwe Loweruka masana m'shopu ya pakona, poti ndi mmene moto unayambira. Anthu anadzaza mpaka pawindo. Wometa wa tsidya anabwera chikwangwani chake chili m'khwapa. Kamlomo anakwezedwa pampando wometera, n'kuupopa mpaka pamwamba kuti onse amve.

Anawerenga pang'onopang'ono, mosiyana ndi chizolowezi chake. Mtsikana uja anadikira pa siteshoni mpaka dzuwa kupendeka. Kenako mkulu wa siteshoni anatuluka n'kumuuza kuti ndondomeko inasintha, sitima ibwera Lachiwiri. Mtsikanayo anabwerera kunyumba wapansi, anapeza bambo ake ali m'tulo, anakhala patebulo lawo, natsegula wotchi ina yakufa n'kuyamba kuikonza. Kamlomo anatembenuza tsamba. Kuseri kunali koyera.

"Pitiriza," anatero wogulitsa nyama.

"Latha."

"Nanga Lachiwirilo?"

"Palibe Lachiwiri. Latha."

"Ndiye kuti sanakweretu," anatero wometa wa tsidya, akutukula chikwangwani.

"Sanakwere chiyani, poti sitimayo kunalibe?" anayankha dalaivala wa lole. Mkangano unayambiranso pomwepo, tsopano wa zimene zikanachitika Lachiwiri, ndipo anthu anatuluka nawo panja. Wogulitsa nyama anapita akunena kuti buku la kusukulu inayo ndi lachinyengo.

M'shopu munatsala wometa ndi mwana wake. Kamlomo anali adakali pamwamba, miyendo ikulendewera, misozi ikutsika. Wometa anatsitsa mpando pang'onopang'ono.

"Wakhumudwa ndi mathero ake?"

"Ayi, mathero ali bwino. Kungoti palibenso lina." Anapukuta mphuno ndi nsalu yometera. "Ababa, simunawerenge."

"Sindinawerenge."

"Za dokotala wabodza zinali bwino. Za mchimwene munawonjeza." Anatsegula chikwama chake n'kutulutsa buku loyamba, lakuda ndi manja a ana ambirimbiri. "Mutu umodzi patsiku. Madzulo ndizikufunsani mafunso."

Wometa analandira ngati akulandira mankhwala owawa. Mutu woyamba anauwerenga akuyasamula. Wachiwiri anaumaliza ataimirira. Pofika Lachitatu, mlonda wa kubanki anakhala pampando sopo ali kuchibwano mpaka kuuma, wometa atatsamira pasinki, lumo m'dzanja lina, buku m'dzanja lina.

"Akulu, ndikuchedwa kuntchito," anatero mlonda.

"Pepani, pang'ono pokha. Kamtsikanaka katola galu wothyoka mwendo, ndiye bambo ake akuti kakamutaye." Anatseka buku chala chili mkati. "Inu munawerengapo? Galuyu afika kumapeto?"

Mlonda anatsegula pakamwa.

"Ayi, musandiuze," anatero wometa, n'kumupaka sopo wina mpaka pamilomo.