Dimba la Magalita pa Kasupe

Chilala cha 1992 chitapsereza minda ku Chiparamba, dimba la Magalita linatsala lobiriwira chifukwa linali m'munsi mwa kasupe. Mwamuna wake anali atamwalira, ndipo repu ndi tomato amene ankakagulitsa kumsika wa Kapata m'tauni ndiye ankadyetsa ana ake.

Tsiku lina kunabwera galimoto ya bungwe loteteza zachilengedwe. Womasulira anthu a bungwewo anali Jonah, mwana wa mchimwene wa Magalita.

"Azakhali, akuti mvula sizigwanso ngati kale," anatero Jonah. "Kasupeyu atetezedwe kuti anthu, ng'ombe ndi nyama za m'phiri zisadzasowe pomwera. Tibzala mitengo kuzungulira. Dimba lanu lichoke."

"Nanga anawa azidya mitengo?"

"Muzilandira chimanga mukamagwira nafe ntchito."

Magalita anazula yekha tomato wake ali ndi maluwa, nakumba maenje a bulugamu m'mabedi momwemo. Chimanga chachikasu chinabwera mpaka mbande zitagwira, kenako galimoto ija sinaonekenso. Chaka chotsatira m'nyumba munalibe chakudya. Mwana wake woyamba, Esnat, anasiya sukulu n'kupita kumalire a dziko ku Mwami kukaphikira oyendetsa malole. Sanabwerere.

Bulugamu anakula msanga. Pofika 1995 kasupe anali ataphwa, amayi akukatunga madzi kudambo lakutali.

Jonah anabweranso, atanenepa, pa galimoto ya bungwe lina. Anapeza azakhali ake akusenda mtedza pakhonde.

"Paja panalakwika, azakhali. Bulugamu amamwa madzi kwambiri. Tsopano tamvetsa. Timudula, tibzale mikuyu. Tikufuna mayi mmodzi mukomiti, ndiye ndatchula dzina lanu."

"Analakwitsa ndani?"

"Aa, ndi mapulani a nthawi imeneyo."

"Mapulaniwo ali ndi ana?"

Jonah anayang'ana nsapato zake.

"Pita ku Mwami ukamuuze Esnat kuti panalakwika," anatero Magalita. "Ukamupeza, udzandiuze. Ine ndapitako kawiri, akungoti anakwera lole ya ku Beira."

Mitengo inadulidwa mwezi womwewo, ndipo nkhuni zake anatenga ndi mwini famu ina ya fodya. Mukomiti analowamo mkazi wa mphunzitsi. Mvula isanagwe, Magalita anatseka nyumba, natenga ana otsalawo kupita ku Kapata, kumene anayamba kuchapira anthu zovala.