Tsiku Limene a Stamen Anachedwa Kutembenuzidwa

Mayi Tsvetana anaiwala magalasi awo patebulo kunyumba, ndipo chisokonezo cha tsikulo chinayambira pamenepo. Amuna awo, a Stamen, anali atatha masiku asanu ndi limodzi m'chipinda cha odwala mwakayakaya pachipatala cha m'tauni yathu. Chibayo chinagwira mapapo onse awiri, mapapo otopa kale ndi fumbi la kumgodi wa miyala. Ankapuma ndi makina.

Pachitseko cha chipindacho mayiwa anapeza pepala loyera litamatidwa, pamwamba pake pali chithunzi cha munthu. Kuno ku Bulgaria pepala lotere sitifunsa kuti n'lachiyani. Timalimata pazitseko ndi pamitengo munthu akamwalira. Malembawo sanathe kuwawerenga, koma nkhopeyo anaizindikira: anali Dokotala Mincheva, mtsikana amene ankasamalira amuna awo. Nthawi yomweyo panatulukira mayi wokolopa atanyamula bokosi la chokoleti, nawapatsako kamodzi.

"Mulungu amukhululukire," anatero mayi Tsvetana, monga timanenera tikalandira chakudya chokumbukira malemu. "Mwana wamng'ono chonchija. Dzulo lomweli ndimalankhula naye."

"Akhululukire ndani?"

"Dokotala."

"Walakwa chiyani?" Wokolopayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, napitiriza ndi bokosi lake.

Mayi Penka, mnzawo wa khomo loyandikana amene anawaperekeza, anafika ali ndi kapu ya khofi, nawerenga pepalalo mokweza mpaka anatsamwa ndi kuseka.

"Iwe Tsveta, ukuika m'manda munthu wamoyo? Apa alemba kuti zabwino zonse. Wapata mphoto, amulipirira maphunziro chaka chathunthu kunja chifukwa cha kafukufuku wake. Chokoleticho wagula yekha, akugawira anzake apantchito. Idya, n'chachimwemwe."

Mtima wa mayi Tsvetana unali utangoyamba kukhala pansi pamene mayi Penka anafika pamzere womaliza. Kafukufukuyo anali wa kugoneka chafufumimba odwala opuma ndi makina. Tsono mayi Penka ndi munthu amene sanasowepo yankho chibadwire, ngakhale pa zinthu zimene angozimva kumene.

"Kafukufukuyu akuchitira pa ndani? Pa mbewa? Ndi pa Stamen wako. Unasainako pepala?"

"Tsiku loyamba lija. Atatu kapena anayi."

"Unawerenga?"

"Ndinkalira, Penka."

"Basi, unamupereka wekha. Munthu wobanika timamukhazika tsonga ndi mapilo, ngakhale mwana amadziwa. Awa akumukanikiza nkhope pamatiresi kuti mtsikana akaone maiko."

Zoona, kawiri konse mayi Tsvetana anaonapo pazenera amuna awo atagona chafufumimba, ndipo zinawawawa, koma anachita manyazi kufunsa. Mphindi khumi zapitazo ankamulira dokotalayo, pano ankafuna kumugwira pakhosi, chokoleti chake chikusungunuka m'dzanja mwawo.

Inali nthawi ya masana, nthawi yowatembenuza a Stamen. Ntchito imeneyi imafuna anthu asanu chifukwa cha mapaipi, ndipo asanuwo anali atasonkhana kale. Mayi Tsvetana anamenya chitseko ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Musamukhudze! Ndipatseni pepala ndisaine, ndikumutulutsa lero."

Dokotala Mincheva anatuluka nkhope itagwa. Madokotala athu akachita mantha amathawira ku Chilatini, ndipo naye anatero: mawu aatali, manambala, mayina a magazini. Mayi Tsvetana sanatolepo kanthu koma mawu amodzi, "zotsatira", ndipo mayi Penka anawagunyuza ndi chigongono. Mkangano uli mkati, dokotalayo anaitanidwa kwa wodwala wina amene zinamuvuta. Anthu asanu aja anabalalika, aliyense kuntchito yake. Ola linatha a Stamen ali chigonere chagada.

Amene anabwera pambuyo pake ndi namwino Gergana, mayi amene wagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu m'chipinda chimenecho. Sanabweretse pepala. Anawagwira dzanja mayi Tsvetana nawaimika pazenera.

"Azakhali, nambala yaikulu ili pamwamba pa bedi lawoyo mukuiona?"

"Sindikuona bwino. Penka, ikuti chiyani?"

"Ikuti 84," anayankha mayi Penka monyinyirika.

"Ndi mpweya umene uli m'magazi mwawo," anatero namwinoyo. "M'mawa, asanagone chagada, inali 93. Mbali yaikulu ya mapapo ili kumsana. Munthu wodwala chonchi akagona chagada, mtima ndi madzi a m'chifuwa zimaipsinja mbali imeneyo. Tikamutembenuza imatseguka. Mapilo amathandiza munthu wopuma yekha kunyumba, osati uyu."

"Ndiye simukuyesera pa iye?"

"Kutembenuzaku ndi chithandizo, takhala tikuchita zaka zambiri. Kafukufuku wa dokotala ndi wolemba manambala ngati amenewa, kuti tidziwe kuti wodwala azigona chotero maola angati. Mukafuna, dzina la amuna anu tilichotsamo lero lomwe, ndipo chisamaliro chawo sichisintha. Ufulu umenewo ndi wanu. Koma mukawatulutsa muno, safika ngakhale pageti."

"Nanga mphotoyo?" analowererapo mayi Penka. "Wina akudyerapo apa."

"Mphotoyo ndi ya zimene anaphunzira pa odwala a chaka chatha, mayi. Ena anachira, ena tinawataya. Abale awo anavomera kuti tilembe, n'chifukwa chake lero sitikungoganizira." Kenako anatembenukira kwa mayi Tsvetana. "Ifenso tinalakwa. Tinakupatsani pepala muli m'misozi, osabweranso kudzakufotokozerani mutakhazikika. Chimenecho n'chathu."

Mayi Tsvetana sanadziwenso woti amukwiyire. Dokotala sanafe, sanabenso munthu, ndipo iwo eni, amene ankati akuteteza a Stamen, ndi amene anaima pakhomo kutsekereza chithandizo chawo. Anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha.

"Penka, pano ikuti chiyani?"

Mayi Penka anasuzumira pazenera. "82."

"Ndiye mukudikira chiyani, asisitala?"

"Timadikira inu."

Kusonkhanitsanso anthu asanu kunatenga mphindi makumi awiri. Mayi Tsvetana sanachoke pazenera, ndipo ankafunsa nambala mobwerezabwereza mpaka mayi Penka anayamba kuitchula okha asanafunsidwe: 81, kenako 80. Dokotala Mincheva anaima kumutu atagwira paipi ya kukamwa, nawerenga mpaka katatu, ndipo a Stamen anatembenuzidwa pang'onopang'ono.

Nambala sinathamange. Inakwera mozengereza, kuima, kukweranso. Pofika madzulo inali pa 88, ndipo inakhala pomwepo. Namwino Gergana atatuluka kukasamba m'manja, mayi Tsvetana anamutsatira mpaka pampopi.

"Mundiuze zoona, mwanangu. Nthawi ndawachedwetsa ija yawapweteka?"

Namwinoyo anapukuta manja asanayankhe.

"Sindikunamizani, azakhali. Sindikudziwa. Tiona mawa."

Mayi Tsvetana anagwedeza mutu, nabwerera pazenera.

Phunziro: Ukaona chinthu chosamvetseka pachipatala, funsa amene akusamalira wodwalayo nthawi yomweyo, usadikire kuti mnzako akumasulire. Pepala lovomereza kafukufuku uli ndi ufulu woliwerenga, kufunsa, ngakhale kukana. Nawonso azaumoyo azifotokoza m'mawu a tsiku ndi tsiku, kawiri ngati kuli kofunika, chifukwa abale akasokonezeka, amene amavutika ndi wodwala.