Abusa ndi Makina a Mwana Wawo

Abusa analalikira zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo mawu awo sanawagwiritsepo mwala. Anali mawu aja oti wokhala pa benchi yakumbuyo sankafunika chimkuzamawu, ndipo khanda logona pamiyendo ya mayi ake linkadzidzimuka pa ameni. Choncho mawuwo atayamba kusasa, patatha zaka ziwiri chipumireni ntchito, iwo anangoti ndi chimfine. Anamwa madzi otentha miyezi itatu osasintha. Mwana wawo wamkazi ndiye anachita kuwakoka dzanja kupita nawo kwa dokotala, ndipo dokotalayo atasuzumira pakhosipo ndi kachubu kokhala ndi kamera, sanazungulire. Inali khansa, koma ikadali yaing'ono. Mankhwala ake anali kuiwotcha ndi cheza champhamvu chochokera m'makina, tsiku ndi tsiku kupatula Loweruka ndi Lamlungu, kwa milungu isanu ndi umodzi.

Mwana wawoyo ankamutcha Bwanji. Dzinali analipata ali ndi zaka zinayi, chifukwa pakamwa pake sipankatuluka china. Bwanji mwezi ukutitsatira? Bwanji madzi alibe mtundu? Anakula ndi mafunso akewo mpaka anakaphunzira fizikisi ku yunivesite, ndipo kumeneko n'kumene anasiyira kupita ku tchalitchi. Sanakangane ayi. Abusa anangosiya kufunsa, iye anangosiya kufotokoza, ndipo mayi ake ndiwo ankanyamula mawu kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Chimwalirireni mayiwo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, bambo ndi mwana ankangocheza za nyengo, za denga lodontha, ndi za bondo la Abusa.

Tsopano Bwanji ankagwira ntchito pachipatala chomwecho, m'zipinda zapansi kumene kunali makina a chezawo. Sanali dokotala. Ntchito yake inali kuonetsetsa kuti makinawo akutulutsa mphamvu yokwanira ndendende, osapitirira, osaperewera. Abusa anali asanapondeko kumeneko. Akafunsidwa ndi anzawo kuti mwana wanu uja amachita chiyani, ankangoti, "Ali ku chipatala, za masamu."

Tsiku loyamba anatsika masitepe atagwira chitsulo cham'mbali. Kunalibe mawindo. Anawauza kuti avule nsapato ndi malaya, avale mkanjo wobiriwira. Chitseko cha chipindacho chinali chochindikala ngati khoma ndipo chinkatseguka chokha, pang'onopang'ono, chikung'ung'udza. Pakati pa chipindacho panali kabedi kouma, ndipo pamwamba pake panawerama chimakina choyera chachikulu kuposa galimoto. Mayi woyendetsa makinawo anawagoneka chagada n'kuwaveka kumaso chigoba cha pulasitiki chamabowobowo, chomwe anachimangirira kubediko kuti mutu usagwedere. Kenako onse anatuluka. Chitseko chinatsekeka. Mawu anamveka kuchokera kudenga: "Musasunthe, Abusa." Chimakina chija chinazungulira mutu wawo chikulira ngati njuchi. Sanaone kanthu, sanamve kutentha kapena kuwawa. Patapita mphindi zochepa anawauza kuti zatha.

Pobwerera, ali m'galimoto, atafika pa maloboti achiwiri Abusa anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe Bwanji," anatero ndi mawu awo osasawo, "sunandiuze kuti nawe uli ndi kachisi."

"Kachisi wanji, bambo?"

"Munthu avule nsapato. Avale mkanjo. Alowe yekha m'malo opatulika, agone paguwa. Ansembe onse athawire kunja. Mawu achokere kumwamba. Ine ntchito imeneyi ndimaidziwa, mwana wanga, usandinamize."

Bwanji anaseka mpaka galimoto yakumbuyo inaimba hutala.

"Nanga chimene chandiwotchacho n'chiyani?"

"Timati timakhala ngati timibulu ta kuwala, koma tamphamvu kwambiri."

"Unationapo?"

"Ayi."

"Aphunzitsi ako anationapo?"

"Sitioneka, bambo."

"Eya. Sitioneka, tili ndi mphamvu, timapha ndiponso timachiritsa, ndipo amene amatidziwa ndi ochepa, olankhula chinenero chawochawo. Ndiye iwe unachoka kwa ine kuti ukalowe mpingo wina basi."

"Ife timayeza," anatero Bwanji, akumwetulirabe koma maso ali pamsewu.

"Nafenso timayesedwa," anayankha Abusa, ndipo anakondwera ndi yankho lawolo mpaka kufika kunyumba.

Kuyambira tsikulo nkhaniyi inasanduka masewera awo a m'mawa uliwonse. Bwanji ankanyamuka nawo molawirira chifukwa ankayenera kuyeza makina odwala asanayambe kulowa, ndipo Abusa ankamuuza kuti afulumire angachedwe ku mapemphero a mbandakucha. Mabuku ake ochindikala ankawatcha malemba. Zithunzi za akatswiri akale zimene zinali muofesi yake ankati ndi aneneri, ena a ndevu, ena osapesa. Pa milungu iwiri yoyambirira analankhulana zambiri kuposa zaka zisanu ndi zitatu zonse zija. Koma pakhosi panayamba kupsa. Kumeza malovu kunali ngati kumeza mchenga, ndipo lamba anamuboola bowo lina.

Tsiku la khumi ndi chitatu, Lachinayi, odwala anakhala pa mabenchi mpaka nthawi inapitirira. Panali mayi wina wosoka zovala amene ankabwera ndi ulusi wake, ndi bambo wina woyendetsa malole, wamtali, amene matenda anali asanamuchotse ukali. Chitseko chinali chotsegula koma sankaitana munthu. Kenako Bwanji anatuluka atavala chovala chake choyera, naima patsogolo pawo manja ali kumbuyo.

"Pepani nonse. Lero makina sagwira ntchito. Ndawaimitsa ine. Akutulutsa mphamvu yosiyana ndi imene ayenera kutulutsa, ndipo sindilola kuti munthu alowe mpaka injiniya awaone."

"Afa?" anafunsa woyendetsa malole uja.

"Ayi, akuyaka."

"Ndiye ngati akuyaka tilowetseni! Ine lole ikamatsokomola ndimayenda nayo mpaka ndikafike. Adokotala anati tisadumphitse tsiku ngakhale limodzi. Mukufuna chinthuchi chimere mizu?"

Bwanji anapepesanso, nafotokozanso, osakweza mawu. Anthu anabalalika akung'ung'udza. Abusa anatsala pabenchi. Mawu a dokotala aja nawonso anawasunga: osadumphitsa tsiku. Usiku uliwonse ankachonga pakalendala, ndipo masiku ochongedwawo ndiwo ankawagonetsa tulo.

Anamutsatira Bwanji muofesi yake, kachipinda kopanikiza kodzaza mawaya ndi mafayilo.

"Asiyana bwanji makinawo?"

"Magawo anayi pa zana."

"Anayi okha? Pa zana?" Anayesa kukweza mawu koma panangotuluka mpweya. "Ndilowetse ine. Enawo apite, ine ndilowe. Ndikukukhulupirira iwe, ndikuwakhulupirira makina ako."

"Musawakhulupirire, bambo. Ine sindiwakhulupirira. N'chifukwa chake ndimawafunsa m'mawa uliwonse."

"Ndine bambo ako."

"N'chifukwa chake simulowa."

Abusa anakhala pampando mwamphamvu. Anakwiya, ndipo chimene chinawakwiyitsa kwambiri n'chakuti analibe mawu okwiyira. Bwanji anawathirira madzi m'kapu, nawaikira kapaipi komwera. Kenako anatembenuza kompyuta kuti aone. Panali mzere wa timadontho, kadontho kamodzi tsiku lililonse, zaka zinayi zathunthu, tonse titandandalika ngati nyerere. Kumapeto kwenikweni kadontho kamodzi kanali katadumphira pamwamba pokha.

"Ndayeza katatu, ndi zipangizo ziwiri zosiyana," anatero. "Ndimafunitsitsa kuti wolakwa ndikhale ine."

Abusa anayang'ana kadonthoko nthawi yaitali.

"Nanga tsiku lina miyeso yako ikadzatsutsana ndi malemba ako aja?"

"Ndidzayezanso. Ena adzayezanso kwawo. Zikapitirira, buku lidzalembedwanso."

"Ndipo akuluakulu anu amangovomera?"

Bwanji anapukusa mutu. "Musatiyese angelo. Alipo amene amafa asanavomere. Alipo amene ukawatsutsa ntchito suipeza. Ndipo zambiri zimene ndimadziwa sindinaziyeze ndekha, ndinangozilandira kwa aphunzitsi monga mmene ndinalandirira katekisimu kwa inu. Anzanga ena amati mbali yaikulu ya chilengedwe ndi chinthu chimene palibe anachigwirapo, ndipo akhala akuchisaka moyo wawo wonse. Mukati tikufanana, penapake simukunama. Koma ine ndili ndi chilolezo chotuluka panja n'kuuza anthu kuti lero zalakwika, bwererani."

Abusa anamwa madzi pang'ono, nkhope itakwinyika ndi ululu. Kunja kunkamveka mawilo a bedi likukankhidwa.

"Chilolezo chimenecho ine ndinalibe," anatero motsitsa. Bwanji anasendeza mpando wake kuti amve. "Amayi ako atapita, ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri ndikupemphera ngati ndikulankhula m'chipinda chopanda munthu. Lamlungu lililonse ndinkakwera paguwa, mawu n'kumatuluka bwinobwino, anthu n'kumalira, ena n'kumatembenuka mtima. Koma ine m'kati muli gwa. Ndikanauza yani? Ndikanamata chikalata pachitseko kuti lero kulibe mapemphero, abusa akudzikayikira?"

"Simunandiuze."

"Ndimaopa kuti unena kuti unadziwa kale."

Bwanji anaweramitsa mutu. "Sindikanatero."

"Ndikudziwa tsopano."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Sizinathe ndi mabingu ayi. Ndinapita kukaona gogo wina wodwala, ndinamugwira dzanja, ndipo potuluka ndinapeza kuti m'chipinda chopanda munthu chija mwabwerera munthu. Sindingakuonetse pakompyuta."

Bwanji ankapinda ndi kupindula kapepala kena mpaka kanang'ambika.

"Nanenso ndili ndi changa," anatero. "Masamu a mankhwala anu anawerengera ndi mnzanga, chifukwa saloleza kuti munthu awerengere bambo ake. Koma ndinawabwereza kanayi, mobisa. Ndipo chitseko chija chikamatsekeka inu muli m'kati, sinditha kuyang'ana. Ndimapita kukaima kuseri kwa kabati ya mafayilo, n'kumangoti chonde, chonde, chonde. Sindidziwa kuti ndikuuza ndani."

Abusa anamva ulaliki wonse ukukwera pachifuwa, wokhala ndi mutu wake, mfundo zitatu ndi vesi lotsekera. Zaka makumi awiri anadikira khomo ngati limeneli. Anayang'ana mwana wawo, mayi wa imvi ziwiri zitatu pamwamba pa khutu, maso ofiira, amene m'mawa womwewo anaima yekha pamaso pa anthu amantha n'kuwakaniza chimene ankafuna. Anaumeza ulalikiwo, ndipo unawawa podutsa monga china chilichonse. Anatambasula dzanja n'kumukonzera kolala ya chovala chake choyera, imene inali itapindikira m'kati.

"Wadya chiyani chikhalire m'mawa?" anafunsa.

"Palibe."

"Tiye ukadye. Ine ndizikuonerera."

Injiniya anafika masana ake, napeza kachipangizo kena katatopa, ndipo Lachisanu madzulo timadontho tinabwerera mumzere. Chipatala chinatsegula Loweruka kuti odwala abweze masiku awiri aja, lina Loweruka lomwelo, lina lotsatira. Woyendetsa malole anabwera atanyamula malalanje m'jumbo, nawasiya pakhomo pa ofesi ya Bwanji, kenako anauza Abusa pabenchi kuti mwana wawo ndi wouma mutu ngati bawuti yadzimbiri. Abusa anavomera ndi mutu monyadira.

Mlungu wachisanu mawu anatheratu. Dokotala anati abwerera, mwina osati onse, koma pakali pano asayese n'komwe kunong'ona. Ankalemba zofuna zawo m'kakope. Chimene chinawavuta n'chakuti moyo wawo wonse sankatha kuwerenga Baibulo chamumtima. Ankati mawu osatuluka pakamwa salowa m'mutu. Lamlungu masana Bwanji anawapeza pakhonde, buku lili pamiyendo, milomo ikugwedera popanda phokoso. Anaima pakhomo kanthawi, kenako anakoka mpando.

"Pati?" anafunsa.

Abusa analoza ndi chala. Mwatsoka panali pa mndandanda wa mafuko, wakuti anabala wakuti, mayina otalika ngati sitima. Bwanji anayamba bwino, koma pa dzina lachinayi lilime linapindika. Abusa anagogoda tebulo ndi cholembera. Anabwereza, n'kulakwitsanso. Anagogodanso kawiri.

"Bambo, anthuwa anamwalira kalekale, sadandaula."

Abusa analemba m'kakope muja n'kumuonetsa: "Bwereza."

Anabwereza. Anawerenga mpaka dzuwa linachoka pakhondepo n'kukagwera pa mpanda, mbale ya supu itazizira pambali. Ku tchalitchi Bwanji sanabwerere, ndipo Abusa sanamufunse. Patatha miyezi itatu dokotala anasuzumiranso pakhosi paja n'kunena kuti sakuonapo kanthu, koma azibwera kudzaonedwa. Mawu anabwerera ochepa, okwanira munthu mmodzi wokhala pafupi. Potuluka, Abusa anapempha kuti adutsire kaye m'zipinda zapansi, chifukwa anamva kuti mayi wosoka zovala uja wayambiranso mankhwala ndipo amabwera yekha. Anakhala naye pabenchi, atamugwirira ulusi, mpaka dzina lake linaitanidwa.